PHUNZIRO 6: TIPETE NKHANI ZA ZIGAWENGA TISANAZIKHULUPIRIRE

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pomaliza phunziroli a mumphakati athe:
- kufotokoza chifukwa chake nkhani za zigawenga zimafika kwa ife zitapotoka;
- kusiyanitsa munthu wofufuza nkhani ndi munthu wongokana chilichonse;
- kugwirizana zimene azichita akalandira nkhani yoopsa pa wailesi kapena pa foni.

KWA OTSOGOLERA

Phunziroli ligawidwe pa misonkhano iwiri. Muwerengeretu Danieli mutu 13. Mubwere ndi lichero ndi chimanga chokonola koma chosapeta, ndipo mupemphe mayi mmodzi apete anthu akuona. Nkhani ya Msundwe ndi chilonda kwa mabanja ambiri. Choncho pasakhale kutchula maina a anthu a m'mudzi, ndipo munthu asaumirizidwe kufotokoza zimene zidamuchitikira.

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo athu mwa Khristu, masiku ano nkhani sizisowa. Kale tinkadikira wailesi imodzi yokha ya MBC, ndipo nyuzipepala inkafika kumudzi itagona masiku angapo panjira. Lero mawailesi ndi ambiri, ndipo foni ya m'manja imatilondola mpaka kudimba. Mwa nkhani zonsezi, palibe zothamanga ngati za zigawenga: bomba laphulika uku, anthu adulidwa mitu uko, gulu lakuti lalowa m'dziko. Zimathamanga chifukwa zimabwera ndi mantha, ndipo munthu akagwidwa ndi mantha safunsa mafunso.

Mayi akakonola chimanga sathira mumphika zonse zotuluka mumtondo. Sakhuthuliranso zonse kudzala poti muli gaga. Amatenga lichero n'kupeta, gaga payekha, mphale payokha. Nkhani nazo zimafuna lichero. Phunziro lino likutiphunzitsa kupeta.

GAWO LOYAMBA: TIONE ZIMENE ZIDACHITIKA

1. Kwathu kuno ku Msundwe

Chitachitika chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidatsogolera zionetsero zofuna kuti wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, Mayi Jane Ansah, atule pansi udindo. Anyamata ambiri a kuno ankapita nawo ku Lilongwe, ndipo m'menemo ndi m'mene mudabadwira dzina loti "Msundwe Barracks". Ena ankalitchula monyadira, ena mwamantha.

Pa 8 Okutobala 2019 anthu adatseka msewu wa Lilongwe–Mchinji pofuna kuletsa otsatira chipani cholamula kupita ku msonkhano wa mtsogoleri wa dziko mumzinda. Pa chipolowecho wapolisi, Superintendent Usumani Imedi, adagendedwa ndi miyala mpaka kufa. Pambuyo pake kudamveka kuti apolisi amene adabwera m'deralo adagwiririra amayi ndi atsikana ku Msundwe, ku M'bwatalika ndi ku Mpingu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidafufuza, ndipo lipoti lake la mu Disembala 2019 lidatsimikiza kuti nkhanzazo zidachitikadi. Mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu, kudzera mwa Justice Kenyatta Nyirenda, lidalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukutamisozi.

Tsono tikumbukire m'mene nkhanizi zinkafalitsidwira. A mbali yokomera boma la nthawiyo ankakuza imfa ya wapolisi, n'kumalankhula za dera lathu lonse ngati phanga la zigawenga. Za amayi aja, ena mwa iwo ankati n'zopeka za andale. A mbali inayo, makamaka pa Facebook ndi pa WhatsApp, ankatamanda anyamata athu ngati asilikali, ndipo imfa ya wapolisi ankangoidumpha, ena mpaka kuiseka. Mbali iliyonse idatola theka la choonadi lokomera iyo, theka linalo n'kulikwirira.

Koma zonse ziwiri zidachitika. Wapolisi adaphedwa, ndipo adasiya banja. Amayi adachitidwa nkhanza, ndipo nawonso ali ndi mabanja. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidafafaniza zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko, kusonyeza kuti dandaulo la anthu lidali ndi maziko. Komabe chigamulo chimenecho sichidzutsa wapolisi uja, ndipo imfa yakeyo siyeretsa amene adagwiririra amayi.

Amene adasenza dzina lija ndani? Ndi mayi wogulitsa tomato, mlimi wa fodya, mphunzitsi, mwana wa sukulu. Munthu wa kuno akapita kukafuna ganyu m'tauni n'kutchula kwawo, ena ankayamba amuyang'ana kawiri. Ife tsono tikudziwa kuwawa kwake kwa mau aja oti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Kudziwa kumeneku kutithandize pamene tikumva nkhani za anthu ena.

2. Dzina loti "chigawenga" m'mbiri ya dziko lathu

Akuluakulu amene ali pakati pathu akukumbuka kuti m'nthawi ya chipani chimodzi aliyense wotsutsa boma ankatchedwa chigawenga. Ena adanyamuladi zida, monga Henry Masauko Chipembere mu 1965 ndi Yatuta Chisiza mu 1967. Koma dzinalo lidagweranso anthu ambirimbiri amene mlandu wawo udali kungofunsa funso kapena kukana kugula khadi la chipani.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Mtundu wonse udauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Boma litasintha mu 1994, komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Justice Mtegha idapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Zaka 11 zathunthu, bodza lidakhala pampando wa choonadi.

Ifenso Akatolika dzinali lidatikhudza. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi mwathu mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, imene mwa zina idadandaula kuti anthu alibe polankhulira maganizo osiyana ndi a boma. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo udali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idayatsidwa moto, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu. Amene dzulo lake ankatchedwa oukira adasanduka otsegula njira.

Si kwathu kokha. Nelson Mandela adakhala pa mndandanda wa zigawenga wa dziko la America mpaka chaka cha 2008, atalamulira kale South Africa n'kupuma. Choncho tikamva mau oti "chigawenga", funso loyamba ndi ili: akumutcha choncho ndani, ndipo munthuyo wachita chiyani?

3. Blantyre ndi Mangochi mu 2003

Mu Juni 2003 amuna asanu achisilamu ochokera kunja, awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Kenya ndi wina wa ku Sudan, adamangidwa ku Blantyre powaganizira kuti ankathandiza gulu la al-Qaeda ndi ndalama. Khoti Lalikulu lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno, koma adatulutsidwabe, ali m'manja mwa akazitape a ku America. Ku Mangochi kudabuka chipolowe ndipo matchalitchi adaonongedwa. Patapita pafupifupi mwezi umodzi, anthu asanu aja adamasulidwa ku Sudan popanda kuzengedwa mlandu uliwonse.

Taonani amene adavutika. Akhristu a ku Mangochi sadamange munthu, koma matchalitchi awo ndiwo adaphwanyidwa. Asilamu a m'dziko muno sadalakwe, koma ambiri adayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayika. Nkhani ya kumangidwa idamveka ngati bingu, pamene ya kumasulidwa idadutsa ngati kamphepo. Umu ndi m'mene zimakhalira kawirikawiri: chinenezo chimayenda pagalimoto, kukonza kwake kumabwera pansi.

4. Cabo Delgado: kumene uchigawenga ulidi

Tisaganize kuti poti dzinali lidagwiritsidwapo ntchito molakwa ndiye kuti zigawenga kulibe. Ziliko, ndipo si kutali. Pa 5 Okutobala 2017 gulu la zida lidaukira mapolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique. Anthu a kumeneko amalitcha al-Shabaab, ngakhale kuti ndi losiyana ndi la ku Somalia. Kuyambira mu 2019 gulu la Islamic State lidayamba kulengeza kuti ankhondowo ndi ake. Mu Epulo 2020 anthu 52 adaphedwa m'mudzi wa Xitaxi, ndipo apolisi adati ambiri adali achinyamata okana kulowa gululo. Pa 24 Malichi 2021 tauni ya Palma idaukiridwa, pafupi ndi ntchito yaikulu ya gasi ya kampani ya Total. Mu Julayi chaka chomwecho kudafika asilikali a ku Rwanda ndi a maiko a SADC. A SADC adachokako mu 2024 nkhondo isadathe. Anthu zikwi zambiri aphedwa, ndipo oposa miliyoni imodzi adathawapo kwawo. Kumapeto kwa 2021 gululo lidafika mpaka ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chimene chidachita malire ndi Malawi.

Pa 6 Sepitembala 2022 adapha Sisitere Maria De Coppi wa chipani cha Comboni pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula. Sisitereyu adatumikira ku Mozambique zaka pafupifupi 60. Koma tidziwenso kuti m'maboma a m'mbali mwa nyanja ya mchere kumene nkhondoyi idayambira, anthu ambiri ndi Asilamu. Iwo ndiwo adayamba kuphedwa ndi kutenthedwa nyumba, ndipo atsogoleri awo ena adachenjeza boma za kagulu kameneka nkhondo isadayambe. Wonena kuti iyi ndi nkhondo ya Asilamu polimbana ndi Akhristu watitayitsa mphale yambiri.

GAWO LACHIWIRI: AMAPOTOZA NKHANI NDANI?

Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani ya nkhondo isadafike m'khutu mwathu imadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse lili ndi chimene likufuna.

(a) Zigawenga zenizo. Chigawenga chimapha anthu khumi kuti anthu miliyoni achite mantha. Popanda woonerera ndi wofalitsa, ntchito yake yafa. N'chifukwa chake amajambula zoopsa zawo, amakuza chiwerengero cha amene awapha, ndipo Islamic State ili ndi nthambi yakeyake yofalitsa nkhani yotchedwa Amaq. Pa 15 Malichi 2019 mzungu wina wodana ndi Asilamu adaombera anthu m'mizikiti iwiri ku Christchurch m'dziko la New Zealand, ndipo anthu 51 adafa. Iye ankaonetsa zonsezo pa Facebook nthawi yomweyo. Kampaniyo idati pa tsiku loyamba lokha idachotsa makanema a chiwembucho okwana 1.5 miliyoni. Aliyense amene adatumiza kanemayo kwa mnzake adagwirira ntchito wakuphayo popanda malipiro.

Pokopa achinyamata, magulu otere sayamba ndi bodza. Amayamba ndi dandaulo loona: ulova, umphawi, nkhanza za asilikali, chuma cha m'dera chimene chikudyedwa ndi a kutali. Ku Cabo Delgado kuli gasi ndi miyala ya mtengo wapatali ya ku Montepuez, koma anthu ake ndi osauka. Dandaulo ndiye nyambo. Mbedza imabwera pambuyo: "Amene wakusautsa ndi wa mtundu uja, ndi wa chipembedzo chija, ndipo mankhwala ake ndi kupha." Tisaganize kuti matendawa ndi a chipembedzo chimodzi. Joseph Kony wa ku Uganda ankaba ana ndi kudula anthu ziwalo akunena kuti akufuna dziko lolamulidwa ndi Malamulo Khumi. Ku Rwanda, dziko la Akatolika ambiri, wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi mphemvu mu 1994, ndipo anthu obatizidwa adanyamula zikwanje.

(b) Maboma ndi asilikali. Boma limene lili pankhondo silikonda kuti anthu amve za kugonja kwake kapena za nkhanza za asilikali ake. Mu Januwale 2019 mtolankhani Amade Abubacar adamangidwa ku Macomia akufunsa anthu othawa nkhondo. Pa 7 Epulo 2020 mtolankhani Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya m'dera ku Palma adasowa. Ambuye Luiz Fernando Lisboa, amene adali episkopi wa Pemba mpaka mu 2021, atalankhula poyera za mavuto a anthu, ena okonda boma adawanena kuti akuikira kumbuyo zigawenga. Kumene atolankhani saloledwa kufika, timangotsala ndi mau a mbali ziwiri zomenyanazo, ndipo zonse ziwiri zili ndi chobisa.

(c) Nyumba zofalitsa nkhani. Nyuzipepala ndi malonda, ndipo mutu woopsa umagulitsa. Atolankhani amapikisana kuti ayambe ndani, tsono nthawi yofufuza imachepa. A kunja amayang'ana kwambiri anthu akwawo. Nkhondo ya Cabo Delgado idatha zaka zitatu maiko ambiri osailabadira kwenikweni, koma itafika ku Palma kumene alendo adatsekeredwa mu hotela ya Amarula, dziko lonse lidamva. Apa sitikunena kuti atolankhani ndi adani athu, ayi. Ambiri amaika moyo wawo pachiswe kuti ife tidziwe. Nkhani ya amayi a kuno ikadakwiririka pakadapanda atolankhani, mabungwe ndi maloya amene adaikakamira.

(d) Ife eni ake. Dzanja lomaliza ndi lathu. Timakhulupirira msanga nkhani yonyoza anthu amene sitiwakonda kale, ndipo timakayika ikakhudza a mbali yathu. Pofotokozera mnzathu timathirako mchere. Pa foni, chala chimatumiza mutu usadaganize.

GAWO LACHITATU: TIMVE MAU A MULUNGU

Tiwerenge Danieli 13:1-64, ndiponso Eksodo 20:16 ndi 23:1-2.

Susana adali mkazi woopa Mulungu. Akuluakulu awiri oweruza milandu adamufuna, iye n'kukana. Pobwezera adamunamizira kuti adamupeza ndi mnyamata m'munda. Anthu onse adakhulupirira, poti onenawo adali akuluakulu ndiponso adali awiri. Susana akupita naye kokaphedwa, mnyamata Danieli adaimitsa khamulo, nalidzudzula chifukwa choweruza munthu popanda kufufuza. Adawalekanitsa akuluakulu aja n'kumufunsa aliyense payekha kuti zimenezi zidachitikira patsinde pa mtengo wanji. Wina adatchula mtengo wina, mnzake mtengo winanso. Bodza lidagwa pomwepo, Susana n'kupulumuka.

Tione zinthu zitatu. Choyamba, khamulo lidakhulupirira udindo wa onena m'malo mwa umboni. Chachiwiri, Danieli sadanene kuti akuluakulu onse ndi abodza kapena kuti mlandu wotere sungachitike. Iye adafunsa funso, ndipo funsolo lidali laling'ono: mtengo wanji? Chachitatu, adafunsa munthu asadaphedwe. Funso lobwera mwala utaponyedwa kale silipulumutsa aliyense.

Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kuchita umboni wonama. Eksodo 23 akuonjeza kuti ngakhale kufalitsa mbiri yonama ndi kutsata gulu pochita choipa ndi kulakwa. Tsono mlandu suthera pa wopeka bodza. Woulandira n'kuupititsa patsogolo osafufuza nayenso walowamo.

GAWO LACHINAYI: MAENJE AWIRI

Panjira imeneyi pali maenje awiri, lina kumanja lina kumanzere.

Dzenje loyamba ndi la munthu womeza zonse. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi m'maboma ena a kumwera. Palibe adagwidwa akupopa magazi, koma anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Opha anzawowo sadali zigawenga za kunja. Adali anthu a m'mudzi ngati ife, amene adamva, nachita mantha, osafunsa.

Dzenje lachiwiri ndi la munthu wokana zonse. Iyeyu adanamizidwapo kale, tsono adatseka makutu. Akamva za Cabo Delgado amati, "N'zabodza izo, azungu akungofuna gasi." Akamva lipoti la bungwe lililonse amati, "Onsewo adadya ndalama." Munthu wotere amaoneka wochenjera pabwalo la bawo, koma ulesi wake ndi womwewo wa womeza zonse: onse awiri safuna ntchito yopeta.

Tilingalire bwino amene amapindula ndi dzenje lachiwirili. Ngati palibe nkhani yoona, ndiye kuti palibenso wolakwa. Ngati zonse n'zopeka, ndiye kuti ku Mwanza idalidi ngozi, masisitere a ku Chipene akulira chabe, wapolisi uja sadaphedwe ndi munthu, ndipo amayi a kuno adanama. Wochita zoipa safuna kwenikweni kuti timukhulupirire. Zimamukwanira kuti tisakhulupirire aliyense, pakuti pamenepo palibe amene adzamufunse mlandu. Ife a ku Msundwe tidafuna kuti dziko likayikire dzina loipa limene tidapatsidwa. Tidafunanso kuti dziko lomwelo likhulupirire amayi athu. Zonse ziwirizi zidatheka chifukwa padali anthu ofufuza, ofunsa mboni ndi oyesa umboni. Zimene tidafuna kuti ena atichitire, tiwachitirenso anzathu a ku Palma ndi a ku Mangochi.

GAWO LACHISANU: LICHERO LATHU

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikalandira nkhani ya zigawenga, tisadaikhulupirire kapena kuikana, tidzifunse mafunso awa:

1. Wanena ndani? Kodi ali ndi dzina ndi malo oti tingamupeze atanama? Uthenga woyamba ndi mau oti "akuti" kapena wotha ndi mau oti "tumizani kwa onse" ulibe mwini.
2. Iyeyo adaona yekha, kapena adamva? Ngati adamva, adamva kwa yani?
3. Zidachitika kuti, ndipo liti? Ili ndi funso lija la mtengo. Zithunzi zambiri zoopsa za m'mafoni ndi za dziko lina kapena za chaka china. Tiyang'ane chilankhulo, zovala za asilikali ndi manambala a galimoto. Masiku ano ngakhale mau ndi nkhope ya munthu zimatha kupangidwa pa kompyuta.
4. Kodi ena osagwirizana ndi woyambayo akunenanso zomwezo? Mawailesi atatu owerenga chikalata chimodzi cha boma ndi mboni imodzi. Magulu khumi a WhatsApp otumizirana uthenga umodzi ndi mboni imodzinso.
5. Mbali inayo yafunsidwa? Nanga anthu wamba a pamalopo alankhulapo?
6. Ndikaikhulupirira, apindule ndani? Kodi nkhaniyi ikufuna kuti ndidziwe kanthu, kapena kuti ndidane ndi wina?
7. Kodi ikunena za munthu amene wachita choipa, kapena ikupaka mtundu wonse, mudzi wonse, chipembedzo chonse?

Tikafunsa zonsezi, nthawi zina tidzapeza kuti nkhaniyo ndi yoona, ndipo tiyenera kuivomera ngakhale ikupweteka mbali yathu. Nthawi zina tidzapeza kuti ndi yabodza. Nthawi zambiri tidzangoyenera kudikira masiku angapo. Palibe manyazi kunena kuti, "Tiyeni tiyambe tamva bwino."

Malamulo oyendetsera dziko lathu a mu 1994 ali mbali yathu pa ntchito imeneyi. Gawo 35 limapereka ufulu wolankhula, gawo 36 ufulu wa atolankhani, gawo 37 ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, ndipo gawo 42 limati woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ufulu umenewu anthu adauvutikira. Ufulu uliwonse umayenda ndi udindo wake.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: TICHITEPO KANTHU

Mphakati uliwonse ukambirane mfundo izi n'kusankhapo zoti uyambe mwezi uno:

- Tisatumize kwa wina aliyense kanema kapena chithunzi cha anthu akuphedwa, ngakhale ndi cholinga chochenjeza. Tichifufute. Wakufayo ndi mwana wa munthu.
- Gulu lililonse la WhatsApp la mpingo, la kwaya kapena la achinyamata likhale ndi lamulo loti wotumiza nkhani yoopsa anene kumene waitenga.
- Tikamva kuti m'mudzi mwalowa munthu wokayikitsa, tidziwitse a mfumu ndi apolisi. Tisaimbe likhweru loitana gulu, tisanyamule mwala.
- Makolo tizicheza ndi ana athu za zimene akuona m'mafoni. Mnyamata akalonjezedwa ntchito, ngongole kapena maphunziro aulere kutali ndi munthu wosadziwika bwino, nkhaniyo ifike kwa akuluakulu iye asadanyamuke.
- Tizimvera mawailesi oposa imodzi, kuphatikizapo imene sitigwirizana nayo.
- Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi izikumana ndi atsogoleri a mipingo ina ndi a Chisilamu kukadali bata. Mu 1992 Akhristu ndi Asilamu adakhalira limodzi kukhazikitsa Public Affairs Committee. Anthu odziwana sapusitsidwa msanga ndi mphekesera. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi dzina loti "Msundwe Barracks" lidatithandiza chiyani, ndipo lidationongera chiyani?
2. Chifukwa chiyani n'kovuta kuvomera pa nthawi imodzi kuti wapolisi adaphedwa ndiponso kuti amayi adachitidwa nkhanza?
3. Tchulani mphekesera imodzi imene idafala m'dera lathu kenaka n'kupezeka yabodza. Idayamba bwanji? Adavutika nayo ndani?
4. Mwa maenje awiri aja, ndi liti limene anthu a msinkhu wathu amagweramo kawirikawiri?
5. M'nkhani ya Susana, kodi khamu lija likadachita chiyani Danieli asadabwere?
6. Ndi madandaulo ati a achinyamata a kuno amene munthu woipa angawasandutse nyambo? Mphakati wathu ungathandizepo bwanji?

PEMPHERO LOTSEKERA

Atate a chifundo, Inu mudautsa mtima wa mnyamata Danieli kuti magazi osalakwa asakhetsedwe. Tipatseni makutu odekha ndi lilime losamala. Landirani mizimu ya onse ophedwa pa ziwawa, kwathu kuno ndi ku Mozambique. Chizani amayi ndi atsikana amene adachitidwa nkhanza, ndipo tonthozani amasiye. Tetezani atolankhani ofuna choonadi, ndipo tembenuzani mitima ya onyamula zida. Musalole kuti foni ya m'manja mwathu kapena pakamwa pathu pakhale njira ya chidani. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.